Anachita bwino kuponya ndege zakale zija m'nyanja

Amene anaonera dziko la America likuponya ngolo zachitsulo mumtsinje wa James kuchokera pa sitima ya USS Gerald R. Ford mu 2015, kapena China ikuchita zomwezo ndi sitima yake ya Fujian ku Shanghai kumapeto kwa 2023, anaona mwambo umene unayamba kalekale. Makina oponyera ndege pa sitima ya nkhondo sayamba ndi munthu, amayamba ndi chitsulo. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, zina mwa zitsulo zimene ankaponya zinali ndege zenizeni, za mitundu imene inamenya nkhondoyo. Pa sitima ya ku Britain ya HMS Perseus, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ankatenga ndege zotha ntchito monga Seafire, mbale wake wotera pa sitima wa Spitfire, ndege yankhondo yotchuka ya ku Britain, n'kuzidula mapiko, n'kuziponya m'nyanja mulibe munthu. Mpaka lero nkhaniyi imagawa anthu okonda mbiri ya ndege, ndipo ambiri amati kunali kusakaza chuma chimene sichidzapezekanso. Ine ndili kumbali ya amene anaponyawo. Ndege ya nkhondo ya nthawi imeneyo inali chida chopangidwa mwaunyinji, choti chigwire ntchito n'kutha, ndipo pa ntchito zonse zimene ndege yotopa ikanagwira pomaliza, yoyesa makina odzanyamula moyo wa munthu ndi imene inali yabwino koposa.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake ndikutero, ayambire kufakitale osati kunyanja. Mu Meyi 1940, Pulezidenti Franklin Roosevelt anauza aphungu a dziko lake kuti akufuna America izipanga ndege 50,000 pachaka, ndipo ambiri anaziona ngati nkhambakamwa. Koma mu 1944 mokha dzikolo linapanga ndege zoposa 96,000, ndipo za m'zaka zonse za nkhondo zikaphatikizidwa zimayandikira 300,000. Tengani mtundu umodzi wokha, Grumman F6F Hellcat. Inauluka koyamba mu Juni 1942, anasiya kuipanga mu Novembala 1945, ndipo m'kanthawi kameneka fakitale ya ku Bethpage pa Long Island inatulutsa ndege 12,275. Mu Malichi 1945 inatulutsa 605, ndiye kuti pafupifupi 20 patsiku, kuwerengera ndi Lamulungu lomwe. Kuti Grumman ipeze malo opangira Hellcat, ntchito yopanga ndege yake yakale ya Wildcat inaperekedwa kwa General Motors, kampani ya magalimoto. Corsair, ndege ya kampani ya Vought, inkapangidwanso ndi Goodyear, imene ambirife timaidziwa ndi mateyala. Ku Britain, Ajeremani ataphulitsa fakitale ya Supermarine yopanga Spitfire ku Woolston mu Seputembala 1940, ntchito anaimwaza m'magalaja, m'madepoti a mabasi ndi m'mashedi a m'matauni ozungulira, pamene fakitale ya Castle Bromwich ku Birmingham inapanga zoposa theka la Spitfire zonse, zimene zinapitirira 20,000. Ajeremaniwo nawo anapanga Messerschmitt Bf 109 pafupifupi 34,000.

Chinthu chopangidwa motere sachipanga kuti chidzaone zidzukulu. Mainjiniya ankadziwa kuti ndege yofika kunkhondo ikhoza kugwetsedwa sabata lomwelo, ndipo ikapulumuka kwa adani, pakapita miyezi ingapo ibwera ina ya injini yamphamvu kuiposa. Choncho chimene ankasamala n'chakuti ikhale yopepuka, yaliwiro, komanso yoti mayi amene dzulo ankagulitsa m'sitolo athe kukhoma malata ake ataphunzira milungu yochepa. Nkhondo itatha mu 1945, unyinji wonsewu unasowa kopita. Ku Kingman ku Arizona ndi ku Walnut Ridge ku Arkansas, ndege zikwizikwi zinaimikidwa m'mizere kudikira ng'anjo yosungunulira aluminiyamu, zina zitangochoka kumene kufakitale. Asilikali a pamadzi a ku Britain anali ndi ndege za Corsair ndi Hellcat zobwereka ku America pa mgwirizano wa Lend-Lease, umene unkati nkhondo ikatha azibweze kapena alipire. Eniake sanazifune, Britain inalibe ndalama, ndiye zambiri anangozikankhira m'nyanja kufupi ndi gombe la Australia, osayesa nazo kanthu kalikonse. Walira mvula walira matope: dziko limene linafuna ndege 20 patsiku kuti lipambane silikanapewa tsiku lodzakhala ndi ndege zosowa nazo chochita.

Tsono tibwere kwa otsutsa. Mfundo yawo yoyamba ndi ya chuma, ndipo si yopusa. Iwo amati taonani mtengo wa ndegezi lero. Mu Julayi 2015, Spitfire imodzi imene inafukulidwa mumchenga wa ku Calais n'kukonzedwanso inagulidwa pa mapaundi oposa 3 miliyoni pa msika wa Christie's ku London, ndipo Spitfire zimene zikuulukabe padziko lonse ndi makumi ochepa chabe. Munthu wanzeru angaponye bwanji chinthu chotere m'madzi? Yankho langa lili pawiri. Poyamba, mtengo umenewu unabwera ndi kusowa. Zonse 20,000 zikanakhalapo, palibe akanatulutsa mamiliyoni, choncho wotsutsayo akudzudzula kutha kwa ndegezo pogwiritsa ntchito mtengo umene kuthako kunabweretsa. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mkulu wa asilikali wa mu 1950 sankasankha pakati pa nyanja ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ankasankha pakati pa nyanja ndi ng'anjo. Ndege imene sinakwere pa Perseus inkapita kwa ogula zitsulo zakutha, monga zinapitira zinzake zimene zinasungunulidwa n'kusanduka mapoto ndi nyumba za aluminiyamu zimene Britain inkamanga mwachangu pofuna kupezera anthu pogona. Pa ndege zikwizikwi zimene zinatha m'zaka zimenezo, zoponyedwa poyesa makina zinali zowerengeka, koma kutha kwake kunasiya chidziwitso pamene kwa zinzake kunasiya chitsulo basi.

Tisaiwalenso mmene ndegezo zinkakhalira zikamafika pomati zatha ntchito. Spitfire inapangidwa kuti izitera pa kapinga, ndipo ataisandutsa Seafire inapita kunyanja ndi miyendo yake yomweyo yoyandikana, yosazolowera kumenyetsedwa pa sitima imene ikuvina ndi mafunde. Ku Salerno mu Seputembala 1943, Seafire zambiri zinawonongeka potera kusiyana ndi zimene adani anagwetsa. Mu 1950 ku Korea, Seafire za pa HMS Triumph zinatera mwamphamvu kambirimbiri mpaka malata a chakumchira anakwinyika, ndipo sitimayo itachoka kunkhondo, malamulo a nthawi ya mtendere atayambanso kugwira ntchito, zambiri zinaletsedwa kuuluka. Ndege zonyezimira zimene timaona pa zionetsero lero zadya zaka ndi ndalama zochuluka pokonzedwa, ndipo zina mwa izo chitsulo chake chambiri ndi chatsopano. Amene akudandaula amaganizira ndege ya pachionetsero, pamene amisiri a 1950 ankayang'ana ndege yokwinyika imene palibe akanalola mwana wake kukweramo.

Koma kodi kuyesako kunali kwachangu motani? Ndege za jeti zinali zitafika, zolemera kuposa za mapulopela, zofuna liwiro lalikulu kuti zinyamuke, komanso za mainjini ochedwa kukoka poyambira. Makina oponyera akale ankayendera mafuta opanikizidwa ndi zingwe zachitsulo zodutsa m'magudumu, ndipo anali atafika pamapeto a mphamvu zake. Analinso oopsa: pa 26 Meyi 1954, mafuta a makina otere anaphulika m'sitima ya USS Bennington kufupi ndi Rhode Island, n'kupha anthu oposa 100. Njira yatsopano, imene ankaiyesa pa Perseus, inachokera kwa Colin Mitchell, injiniya wa kampani ya Brown Brothers ku Edinburgh. Iye anati titenge nthunzi imene sitima ikuphika kale yoyendetsera mainjini ake, tiilowetse m'mipope italiitali pansi pa bwalo lonyamukira ndege. Mpope uliwonse uli ndi mpata pamwamba kuchokera koyambira mpaka kothera, nthunzi ikamakankha pisitoni m'katimo, kachitsulo kotulukira pampatapo kamakoka ndege, ndipo lamba wachitsulo amatseka mpatawo kuti nthunzi isathawe. Mumasekondi awiri kapena atatu, ndege ya matani ambiri imachoka poima n'kufika liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Mphamvu ikachepa, ndege imagwera kutsogolo kwa sitima imene ikubwera pambuyo pake ndipo singaime. Mphamvu ikapyola, makina amazula ngowe kapena kuthyola miyendo ya ndege. Pakati pa ziwirizi m'pamene pamakhala moyo wa woyendetsa, ndipo mu 1950 panalibe amene ankadziwa bwino kuti malirewo ali pati.

Apa m'pamene pamabwera mfundo yachiwiri ya otsutsa, imene ndimailemekeza kwambiri chifukwa imachokera kwa anthu odziwa makina. Iwo amati kuyesa kunali kofunika, inde, koma sikunafunike ndege. Makina oponyera sadziwa chimene akukoka, amangomva kulemera. Ngolo yachitsulo ya mateyala, yolemera mofanana ndi ndege, imapereka yankho lomwelo, ndipo umboni wake ndi wakuti pa sitima ya Ford ija anaponya ngolo, zina zolemera matani 36, zimene amazivuula mumtsinje n'kuzigwiritsanso ntchito. Zonsezi n'zoona, ndipo a pa Perseus ankazidziwa. Pa maulendo pafupifupi 1,560 amene makinawo anaponya, oposa 1,000 oyambirira anali a ngolo zomwezo, akuwonjezera kulemera pang'onopang'ono. Ndege zopanda munthu zinabwera pambuyo pake, ndipo anthu anakwera pomalizira. Ndi mmene amisiri osamala angachitire ndi mlatho watsopano wa mitengo kumudzi: ayambe aunjikapo matumba a mchenga, kenako aolotse ng'ombe yokalamba, ana asukulu adzadutse zonsezi zitatheka. Matumba amakuuza ngati mlatho upirire kulemera, koma ng'ombe ndi imene imakuuza ngati matabwa agwedere chinthu cha miyendo chikamayendapo. Amene akuti gawo lapakati linali losafunika akutanthauza kuti ana akanadutsa matumba atangochotsedwa.

Ndikutero chifukwa ngolo ilibe mapiko, ilibe mchira, ndipo sipindika ngati ndege. M'masiku amenewo ndege ankaikoka ndi chingwe chachitsulo chokoleka m'ngowe za kunsi kwake, kumbuyo itagwidwa ndi cholumikizira chimene chimaduka mphamvu ikakwana. Kodi ndege ikafika kothera, chingwecho chigwa bwino kapena chimenya mchira? Miyendo imene yapanikizika ndi kukokako idzatambasuka motani? Mphuno idzadzuka kapena idzawerama ndege ikangosiya sitima? Ngowe zokhomedwa pa thupi la aluminiyamu zipirira kukoka kwadzidzidzi kwa nthunzi, kumene kunali kosiyana ndi kwa makina akale? Mafunso amenewa ngolo siyankha, ndipo kompyuta yowawerengera kunalibe. Wina anganene kuti zimenezo n'zakale. Koma mu 2014, ku Lakehurst ku New Jersey, makina atsopano oyendera magetsi a EMALS, amene anali ataponya kale ngolo zambirimbiri, anapezeka kuti akugwedeza mopyola muyeso matanki a mafuta olendewera kumapiko a ndege ya Super Hornet. Vutoli linaoneka ndege yeniyeni itakwera pamakinawo, ndipo kukonza kwake, kumene kunali kusintha pulogalamu ya kompyuta, kunatsimikizidwa mu 2017. Komweko ku Lakehurst mu 2019, pofuna kuyesa ukonde wogwira ndege imene yalephera kutera bwino, anatenga ndege ya E-2C Hawkeye yotha ntchito n'kuithamangitsira muukondemo mulibe munthu. Ngati a masiku ano, ndi zida zawo zonse zoyezera, akufunabe thupi la ndege yeniyeni, sindikuona chifukwa chodzudzulira a 1950 amene anali ndi wotchi, kamera ndi pepala.

Phindu lake silinachedwe kuoneka. Mu Januwale 1952 Perseus inafika ku Philadelphia kukaonetsa makinawo, asilikali a pamadzi a ku America anakhutira n'kutenga njira ya Mitchell, ndipo mu Juni 1954 sitima ya USS Hancock inayamba kuponya ndege ndi nthunzi. Mpaka pano sitima za mtundu wa Nimitz komanso Charles de Gaulle ya ku France zikuponyabe ndege ndi nthunzi, zaka zoposa 70 chiyambire.

Mfundo yachitatu ndi ya mumtima, ndipo siyankhika ndi masamu. Otsutsa amati ndegezi si zitsulo wamba. Munakhala anyamata amene ena sanabwerere kwawo, zinapangidwa ndi manja a amayi amene ankagwira ntchito usiku mabomba akugwa, ndipo kuzitaya ngati zinyalala n'kunyoza anthu amenewo. Ndikumva ululu wake, koma ndikupempha tione mmene eniake nkhondoyo ankachitira ndi ndege zawo. Mu 1941 sitima zonyamula chakudya ndi zida kupita ku Britain zinkamizidwa pakati pa nyanja ya Atlantic, kutali kumene ndege zochokera kumtunda sizinkafika. Ndege za Ajeremani za Focke-Wulf Condor zinkazisaka, kuziphulitsa, komanso kuitana sitima zoyenda pansi pa madzi. Popeza sitima zonyamula ndege zinali zochepa, Angerezi anamanga njanji kutsogolo kwa sitima za katundu 35, pa njanjipo n'kuikapo ndege ya Hurricane yoponyedwa ndi maroketi. Sanatenge zatsopano ayi, anatenga zotopa zimene zinali zitagwira kale ntchito m'magulu a RAF, asilikali a m'mlengalenga a ku Britain, chifukwa aliyense ankadziwa kuti ulendo wake ndi umodzi. Sitima ya katundu ilibe potera. Woyendetsa akathana ndi mdani ankadumpha ndi parachuti kapena kutera pamadzi pafupi ndi sitima za anzake, n'kumadikira kuti amuvuule asanaume ndi kuzizira. Pa 3 Ogasiti 1941, Robert Everett, amene mu 1929 anapambana mpikisano wa akavalo wa Grand National, anaponyedwa kuchokera pa HMS Maplin, sitima ya asilikali yokhala ndi njanji yotere, n'kugwetsa Condor, Hurricane yake n'kumira iye atapulumuka. Pa sitima za katundu zija anaponya ndege maulendo 9 pankhondo, Hurricane 8 zinathera m'madzi, ndipo woyendetsa mmodzi yekha ndi amene anafa.

Palibe amene amati anthu amenewo ananyoza Hurricane. Anawerengera kuti ndege yotopa ndi yotchipa kuposa sitima yodzaza tirigu ndi anthu ake, ndipo anawerengera bwino. Tsono ngati kunali koyenera kutaya ndege yakale muli munthu kuti apulumutse sitima, kukhala bwanji kolakwa kutaya ndege yakale mulibe munthu kuti apulumutse woyendetsa? Ambiri mwa amene ankayembekezera kukwera makina a nthunziwo anali omwewo amene anapulumuka pankhondo. Ulemu umene ankafunika ndi woti asakhale iwo oyamba kuyeserapo chitsulo chosadziwika. Ndipo pang'ono pokha, nako kusunga ndege mwachikondi kuli ndi mtengo wake. Ku Zimbabwe, Jack Malloch anatsitsa Spitfire imene inali itakhala zaka zambiri pa chipilala ku New Sarum, n'kuikonza mpaka inaulukanso, koma pa 26 Malichi 1982 inagwa ndipo iye anafera momwemo. Sindikunena izi pomudzudzula. Ndikungoti amene amasangalala kuona ndege zakale zikuuluka avomereza kale kuti zina zidzatha, tsono asakwiye ndi amene anazithera pa ntchito.

Mfundo yachinayi ndi ya ngozi komanso kuipitsa nyanja, ndipo pano otsutsa ali ndi nkhani yabwino yoti asimbe. Ndege yopanda munthu ikhoza kukana kugwa. Pa 16 Ogasiti 1956, Hellcat yakale yopakidwa utoto wofiira, imene anaisandutsa yoyendetsedwa ndi wailesi kuti aziyeserapo mizinga, inanyamuka ku Point Mugu ku California n'kusiya kumvera oiyendetsa. M'malo molowera kunyanja inakhotera ku Los Angeles. Ndege ziwiri za jeti za F-89 Scorpion zinatumizidwa kukaigwetsa, zinaombera maroketi 208, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inaigwetsa. Maroketiwo anayatsa moto m'tchire, ena anagwera m'tauni ya Palmdale n'kuboola nyumba ndi magalimoto, mwamwayi osapha munthu, ndipo Hellcat ija inagwa yokha m'chipululu mafuta atatha. Nkhaniyi ndi yoseketsa komanso yochititsa manyazi, koma ikutsimikizira nzeru za a pa Perseus. Kudula mapiko kuja, kumene kumawawa kwambiri okonda ndege, kunali koti ndege isathe kuyandama m'mwamba n'kupita kumene sakuifuna. Za kuipitsa nyanja ndikuvomereza kuti lero sitingalole kutaya ndege ndi mafuta ake m'madzi, ndipo n'chifukwa chake ntchito yotere inasamukira kumtunda monga ku Lakehurst. Komabe tiyeze ndi muyeso wa nthawiyo. Boma lomwelo la Britain linataya zida ndi mabomba otsala oposa matani 1 miliyoni m'chigwa cha pansi pa nyanja cha Beaufort's Dyke, pakati pa Scotland ndi Northern Ireland. Wofuna kuimba mlandu wa nyanja ayambire kumeneko, Seafire zowerengeka zija azipeza kumapeto kwa mndandanda.

Pali malo amodzi pamene otsutsa akunena zoona, kungoti akuloza chala munthu wolakwika. N'zoona kuti m'badwo umenewo unalephera kusunga. Koma kusunga sikufuna ndege 12,000, kumafuna ziwiri kapena zitatu za mtundu uliwonse, zosankhidwa chifukwa cha mbiri yake, zoikidwa pansi pa denga mtunduwo usanathe. Imeneyi inali ntchito ya maunduna ndi akuluakulu a asilikali, osati ya injiniya amene wapatsidwa ndege yolembedwa kale kuti yatha, ndipo m'maofesi amenewo ndi mmene munagona anthu. Zambiri zimene tili nazo lero zinapulumuka mwangozi. Ndege ina ya Dauntless imene inali ku Pearl Harbor tsiku loukiridwa, n'kukamenyanso nkhondo ya ku Midway, sanaisunge ayi. Anaipereka kwa ophunzira kutera pa sitima m'nyanja ya Michigan, inamira mu 1943, ndipo madzi ozizira ndi amene anaisunga mpaka anaivuula mu 1994 n'kupita nayo kunyumba yosungiramo ndege zakale ku Pensacola. De Havilland Hornet, imodzi mwa ndege za mapulopela zaliwiro koposa zimene Britain inapanga, palibe ngakhale imodzi yathunthu imene inatsala, ndipo sikuti inathera pa makina oponyera.

Chitsanzo chimene chimandiwawa ine ndi Hawker Typhoon, ndege imene inavutitsa kwambiri magalimoto ndi akasinja a Ajeremani ku Normandy mu 1944. Ena mwa magulu amene ankaiulutsa anali ndi maina a kuno kwathu: gulu la 266 linkatchedwa la Rhodesia, la 245 la Northern Rhodesia, Zambia ya lero. Anapanga Typhoon 3,317. Nkhondo itangotha anazichotsa pa ntchito n'kuzipereka kwa oduladula, popanda wolemba kalata yoti imodzi ikhale pambali. Yathunthu imene ilipo ndi imodzi yokha, ya nambala MN235, ndipo inapulumuka chifukwa mu 1944 inatumizidwa ku America kuti akaiyese, kenako inakhala m'manja mwa Smithsonian, bungwe losunga zinthu zakale la kumeneko. Oyesa ndi amene anaisunga, osunga mbiri ali m'tulo. Pamene Britain inkakonza zotsegula nyumba yosungiramo ndege za RAF ku Hendon, inapeza kuti m'dziko lonse mulibe Typhoon, ndipo mu 1968 inachita kukapempha ndege yakeyake kwa alendo, n'kulipira ndi Hurricane.